Oyilo wa ku Chigayo

MUTU 6

1. Mbuzi Yogwada

Maliko anakulira ku Kawale. Anazolowera phula, magetsi ndi phokoso la mabasi. Mayeso a Fomu 4 sanamuyendere bwino. Mayi ake anamutumiza ku Mitundu kwa mlongo wawo, a Efulemu, kuti akathandize pa fodya. Anati ndi miyezi iwiri yokha. Tsopano unali mwezi wachisanu ndi chinayi.

Masiku onse ankafanana. Chigafa, fodya, fumbi m'mphuno. Kusankha masamba, kumanga, kudinda mabelo. Akadzutsa mutu ankaona phiri la Bunda. Phirilo silinkasuntha. Iyenso sankasuntha.

Chinali chaka cha 1995. Pa wailesi ankakamba za ufulu m'mawa ndi madzulo. Maliko ankamva zonsezo atakhala pa chiguduli, tsamba la fodya lili m'manja.

Chinthu chimodzi chokha pakhomopo chinkanunkha msewu. Inali njinga yamoto. A Efulemu anaigula yakale pa okushoni ya ofesi ina. Anaikwera miyezi itatu, kenaka bondo lawo linayamba kutupa. Kuyambira pamenepo ankaikwera ndi Maliko, koma kongofika kumsika ndi kuchipatala.

Injini inali yabwino. Vuto linali kutsogolo. Ukagwira buleki, mutu wa njinga unkatsika mpaka chitsulo kugunda chitsulo. Pa mapaipi awiri a foloko, amene amagwira tayala lakutsogolo, pankatsetsereka oyilo wosakanizika ndi fumbi. Anyamata apamsika anaipatsa dzina. Ankaitcha Mbuzi Yogwada.

2. Chikalata cha pagolosale

Lachinayi Maliko anaona chikalata chomata pa chitseko cha golosale. Bungwe lina lokumba mijigo linali litamanga msasa ku Nathenje. Linkafuna mnyamata mmodzi wofika Fomu 4, wokhala ndi njinga yamoto yakeyake. Ntchito yake inali kutsogolera malole, kudziwitsa anthu m'midzi, ndi kunyamula woyeza malo kumbuyo. Msasawo unkasamuka Loweruka masana. Ntcheu, Balaka, mpaka ku Mwanza.

Anawerenga katatu. Setifiketi sanaitchule.

Kunyumba anapeza malume ake atakhala pakhonde, mwendo atautambasula pa mpando. Anawafotokozera zonse mofulumira. A Efulemu anamvetsera osamudula. Anafunsa za malipiro, za kogona, ndi za amene adzamalize mabelo. 

"Ndikukuona, mphwanga," anatero. "Umasankha fodya maso ali kumsewu. Sindingakumange ngati ng'ombe. Njingayo tenga. Koma ayambe aiona a Isake, makaniki wa kumsika uja. Akati ili bwino, pita. Akati ayi, ndi ayi basi. Mlongo wanga anandisungitsa mwana wamoyo. Sindifuna kukamutulira m'bokosi, n'kumati pepani, anali ndi changu."

Maliko anavomera. Anawomba m'manja n'kuchoka.

3. Botolo la mdzukulu

A Isake anagwira ntchito zaka makumi awiri pa galaja ya boma m'tauni. Atapuma anabwerera kwawo. Ankakonza njinga, ngolo ndi mapampu pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika.

Lachisanu m'mawa Maliko anali woyamba kufika. A Isake sanafunse zambiri. Anagwira mahandulo n'kukanikiza. Njinga inagwada. Anakanikizanso. Inagwadanso, osalimbana.

Anaika chipika pansi pa injini kuti tayala lakutsogolo lilendewere. Anamasula kabawuti kamunsi kwa paipi yakumanzere. Munatuluka madzi otuwa, onunkha, osakwana theka la kapu. Kumanja munatuluka madontho asanu. Anatsitsa zophimba fumbi n'kumuonetsa timphira tiwiri totseka oyilo. Tonse tinali titang'ambika. Pa paipi imodzi panali timadontho ta dzimbiri. Anati timeneto ndi timene tinkadula mphira, tofunika kupala ndi pepala losalala.

Maliko anafunsa ngati zingatheke lero lomwe. A Isake anapukuta m'manja, nalowa m'kanyumba kawo. Anatuluka ndi botolo loyamwitsira mwana, lachikasu ndi ukalamba.

"Khala pansi, mwana wa m'tauni. Umve kamodzi, sindibwereza.

"M'paipi iliyonse muli sipuling'i. Ndiyo imanyamula. Zako zili bwino. Koma sipuling'i payokha ndi mwana wosamva, imangodumpha. Woigwira dzanja ndi oyilo. Tayala likagunda mwala, oyilo amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono, njinga n'kutsika mwaulemu. Oyilo akatha, imagwada. Ndi zimene ikuchitazi.

"Oyilo wake ndi wopyapyala. Wa injini ndi phala, sadutsa bwino m'timabowomo. Ndipo amayezedwa. Botolo ili linali la mdzukulu wanga. Mzere uwu ndinakanda ndi msomali. Paipi iyi mpaka pamzere, inayo mpaka pamzere. Pamwamba pamatsala malo a mpweya. Malo amenewo anthu akuno amawaona ngati kuberedwa. Tinazolowera kumsika. Mbale ya nyemba ikapanda phiri pamwamba timati wogulitsa ndi woumira. Akatiyezera timapempha basela. Chitsulo sichidziwa basela. Ukadzaza, oyilo amasowa kothawira. Ndiye amadzitsegulira khomo yekha. Khomo lake ndi timphirati. Akatuluka amatsikira kuti? Yang'ana bwino. Amatsikira ku buleki.

"Ndinanyamulapo maliro a mlangizi wina, mnyamata wamtali ngati iwe. Anadzithirira yekha kunyumba. Potsetsereka anagwira buleki, buleki inamuseka. Mkazi wake anali ndi pakati.

"Masiku ano aliyense akuti demokalase, ndichita zanga. Palibe kanthu. Voti tinaponya, nanenso ndinaponya. Koma m'foloko mulibe voti."

Timphira ta njinga imeneyo tinali titasowa m'tauni. A Isake anali atafunsa kale sabata yatha, pokonza njinga ya munthu wina. Wogulitsa anati tifika Lolemba. Oyilo woyenera analipo. Koma anakana kumuthira pa timphira tong'ambika.

Maliko anati Lolemba msasa udzakhala uli ku Ntcheu. A Isake anamulangiza kuti asiye njinga pomwepo. Abwereke yakapalasa, apite ku Nathenje lero lomwelo, akauze akuluakulu a msasa zoona zake. Akapemphe kuti adzawatsatire Lachiwiri njinga ili bwino.

Maliko anapukusa mutu. Anati ntchito amapatsa amene wafika ndi njinga, osati amene wafika ndi nkhani.

A Isake anabwezera timabawuti, nachotsa chipika. Anamuchenjeza kuti m'mapaipimo tsopano munalibiretu kanthu, aikankhe, asaikwere. Anawerama n'kuyamba kumata chubu cha munthu wina.

4. Basela

Njira yakunyumba inkadutsa pa chigayo. Woyendetsa chigayocho anali Matthews, mnyamata wamkulu kwa Maliko ndi zaka zisanu. Anali mbuu ndi ufa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ataona njinga ikukankhidwa anafunsa ngati mbuzi yasiya kugwada n'kuyamba kukokedwa pa chingwe.

Maliko anamuuza zonse. Matthews anaseka mpaka kutsokomola.

"Aise, madala aja amayeza oyilo ngati mankhwala a chifuwa. Botolo la mwana? Njinga imayamwa?"

Anamutengera kuseri. Kunali chitini cha oyilo wakuda wochotsedwa m'injini ya chigayo. Anthu ankabwera kudzapempha. Ena ankapaka mitengo ya khola kuti isadyedwe ndi chiswe. Ena ankathira m'mawilo a ngolo. Matthews anati oyilo ameneyo amatembenuza chigayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sangalephere kanjinga. Ndipo poti ndi wolimba, sangadonthe msanga ngati wopyapyala uja.

Maliko anayang'ana chitinicho. Anayang'ana kumsewu. Anapempha sipanala.

Anakweza njinga pa njerwa. Atamasula chivindikiro choyamba, sipuling'i inachikankha, chinauluka n'kugwera m'madeya. Anachifuna nthawi ndithu. Amayi odikira kugayitsa ankaonerera, akunong'onezana.

Matthews anapinda katoni ngati fanulo. Anathira. Oyilo ankatsika mwaulesi. Atafika pakatikati Maliko anati mwina pakwana, a Isake ananena za mpweya. Matthews sanaleke.

"Mpweya ukagula kuti? Ulendo ndi wautali uwu. Wina adontha panjira, wina atsala. Landira basela."

Anadzaza mpaka pakamwa. Paipi inayo chimodzimodzi. Zivindikiro zinavuta kutseka. Anakanikiza awiri, oyilo akusefukira m'manja. Pomaliza Matthews anadula malegeni ku chubu chakale n'kukulunga pamwamba pa timphira tong'ambika tija. Anamanga mfundo ziwiriziwiri.

Maliko anakanikiza mahandulo. Njinga sinagwade. Sinatsike n'komwe. Inaima njii ngati mtengo wa muwanga.

Anaipukuta bwinobwino ndi chiguduli. Malegeni anawabisa pansi pa zophimba fumbi.

Madzulo a Efulemu anamufunsa zimene a Isake ananena. Maliko anayankha kuti akonza, ndipo ati ili bwino. Malume ake anadzuka ndi ndodo, natsimphina mpaka pa njinga. Anakanikiza ndi dzanja limodzi. Anagwedeza mutu mokhutira. Anati a Isake ndi mmisiri weniweni, akawathokoza Lamulungu kutchalitchi. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi chipewa chawo cha njinga ndi jekete lachikopa limene sankabwereka munthu.

Maliko analandira ndi manja awiri. Sanawayang'ane kumaso.

5. Nthiti za msewu

Loweruka ananyamuka mame asanaume. Anasankha msewu wafumbi wodutsa m'midzi, wachidule kuposa wozungulira m'tauni. Chikwama anachimanga kumbuyo. Phiri la Bunda linayamba kusuntha. Linabwera pambali, kenaka linatsalira.

Mtunda woyamba unali wosalala. Anatsegula mafuta. Anaimba likhweru m'chipewa.

Kenaka msewu unatulutsa nthiti zake. Tayala lakutsogolo silinkatsata nthaka. Linkadumpha. Kamwala kalikonse kankafika m'mapewa. Mano ankagundana. Pokhota njinga inkafuna kupitirira. Anachepetsa liwiro, koma manja anali atachita kale dzanzi.

Atadutsa sukulu ina anagwera m'dzenje losaoneka bwino. Panamveka kaphokoso, ngati munthu watsegula botolo. China chake chofunda chinamuwazikira pa buluku. Anayang'ana pansi. Malegeni akumanzere anali atatumphuka. Oyilo wakuda ankatsika pa paipi. Posakhalitsa kumanja nakonso kunatsegula.

Anaima. Anapukuta ndi udzu. Oyilo anali atafika kale pa chigubu cha buleki, pakati pa tayala. Anayang'ana kumbuyo, kumene kunali Mitundu. Anayang'ana dzuwa. Anakweranso.

Njinga inayambanso kugwada, kuposa kale.

Chakutsogolo msewu unatsetsereka kulowa m'dambo. Pansi panali mlatho wopapatiza wamatabwa. Pamlathopo panali ngolo ya ng'ombe ziwiri, yodzaza mabelo. Mwamuna ankatsogolera ng'ombe. Mayi wobereka mwana ankayenda pambali.

Maliko anagwira buleki yakutsogolo. Chogwirira chinalowa chonse. Njinga sinamve. Anaponda yakumbuyo. Tayala linaterereka mumchenga, njinga inayamba kuyenda chammbali. Mayi uja anatembenuka. Anaima pomwepo, manja ali pamutu wa mwana.

Maliko anakhotera kuudzu.

Anadzuka m'matope. Galasi la nyali linali litasweka. Jekete la malume linang'ambika pachigongono. Dzanja lamanzere linali likutupa pamfundo, likutentha.

Mwini ngolo anamuthandiza kukoka njinga. Anapaka chala pa paipi, nanunkhiza. Anauza mkazi wake kuti oyilo ameneyu ndi yemwe amathira m'mawilo. Mayiyo sanaseke. Anamufunsa Maliko kuti ndi mwana wa yani, ndipo ngati kwawo kulibe akuluakulu. Anamuuza kuti akanapha anthu awiri nthawi imodzi. Maliko anapepesa atagwada m'matope momwemo.

Injini inalira atayesa kachisanu. Kukoka kilatchi ndi dzanja lotupalo kunamutulutsa misozi. Anakoka kamodzi kokha. Mtunda wonse wotsala anayenda pa giya yoyamba, mapazi akukhudza pansi. Njinga zakapalasa zinkamupitirira.

6. Kapitawo

Anafika ku Nathenje dzuwa lili paliwombo. Matenti anali atapasulidwa kale. Malole atatu anaima m'mbali mwa msewu waukulu, odzaza mapaipi, migolo ndi makina. Anthu ankamanga zingwe zomaliza.

Anamulozera kapitawo, a Nowa. Anali bambo wamfupi, wa pensulo kukhutu. Anamvetsera dzina ndi sukulu. Maso awo anali pa njinga. Anakanikiza mahandulo, chitsulo chinagunda chitsulo. Anazungulitsa tayala lakutsogolo n'kugwira buleki. Tayala linapitiriza kuzungulira. Anakoka legeni imodzi n'kuikweza m'mwamba kuti madalaivala aone. Mmodzi anafunsa ngati njingayo imagayanso mgaiwa.

A Nowa anafunsa amene anathira oyiloyo. Maliko anati ndi iye. Anafunsa ngati panalibe womuletsa. Maliko anazengereza, kenaka anati analipo.

Kapitawo anaitana mayi wina amene anakhala kutsogolo kwa lole, bokosi la zida zoyezera lili pamiyendo.

"Awa ndi mayi Esitere. Ndiwo amatiuza pamene pali madzi. Ali ndi ana atatu ku Biwi. Ndiwo ukanamawanyamula kumbuyo, m'mapiri a ku Ntcheu. Tadikira sabata yonse. Anabwera anyamata asanu ndi mmodzi, wa njinga panalibe. Ukanabwera dzulo wapansi, n'kunena kuti njinga ikudikira timphira, ndikanakulemba. Ndikanakudikira mpaka Lachitatu. Njinga yodontha siindiopsa. Makaniki aliyense amakonza. Chondiopsa ndi munthu amene anauzidwa, namva, n'kukwerabe. Ameneyo sindikudziwa pomumasula kuti ndithiremo chiyani. Mayi awa sakwera kumbuyo kwako."

Maliko anapempha. Anati akonzetsa Lolemba, adzawatsatira. A Nowa anakana. Anati wa njinga akamufuna ku Ntcheu.

Lole yoyamba inanyamuka. Yachiwiri inatsatira.

Maliko anakhala pa mwala. Njinga sikanatha kubwerera yokwera. Kuikankha ndi dzanja limodzi kunali kufika mawa. Ndipo mawa linali Lamulungu. A Efulemu akanakumana ndi a Isake pakhomo la tchalitchi, n'kuyamba kuthokoza.

A Nowa anali ataponda kale pa chitsulo chokwerera lole yachitatu. Anatembenuka n'kumuyang'ana. Anati wotsuka mapoto ndi kutunga madzi anathawa dzana. Ntchitoyo ndi yonyozeka, koma dzanja limodzi likwanira mpaka linalo litapola. Malo a munthu analipo, pamwamba pa mapaipi. Malo a njinga panalibe.

"Ganiza msanga. Injini ikudya mafuta."

Pafupi panali tiyirumu. Maliko anakankhira njinga pamenepo n'kuitsamiritsa kukhoma. Anauza mayi wogulitsa kuti munthu wochokera ku Mitundu abwera kudzaitenga madzulo. Mayiyo anamufunsa dzina la munthuyo. Maliko anatchula la malume ake. Mayiyo anati iye amatseka 4 koloko, ndipo si mlonda.

Maliko anamasula chikwama. Kiyi anamuika m'thumba. Anathamanga. Anthu awiri anamukoka ndi lamba kukwera.

Anamupatsa malo kumapeto kwenikweni, pakati pa mgolo wa dizilo ndi mulu wa mapaipi. Bondo limodzi linapanikizika. Dzanja lamanja linagwira chingwe. Lamanzere analiika pachifuwa, m'kati mwa jekete.

Lole inakwera paphula n'kuloza ku Dedza.

Maliko anayang'ana kumbuyo. Njinga inali pomwe anaisiya, mutu uli pansi. Amuna awiri anali atawoloka kale msewu. Mmodzi anaima n'kuyang'ana uku ndi uku. Winayo ananjuta pambali pa injini, natulutsa kanthu m'thumba. Mayi wa tiyirumu anali m'kati.

Maliko anakuwa kuti lole iime. Mphepo inatenga mawuwo. Wokhala naye pafupi analoza kutsogolo, kutali, kuseri kwa migolo ndi makina. Anati dalaivala amamva pokhapokha munthu akakwawa n'kukamenya denga. Anawonjeza kuti a Nowa akaimitsidwa panjira amatsitsa woimitsayo, ndipo satenganso.

Kukwawa kunkafuna manja awiri.

Lole inasintha giya. Munthu wonjuta uja anaimirira n'kugwira mahandulo.